Wrasse, msampha, dip kapena manja: chimene chimathetsadi nkhono zolusa mu thanki ya madzi amchere

Anzanga angapo akhala akundifunsa funso lomwelomweli, wina clam yake (nkhono yaikulu ya zigoba ziwiri zotseka ndi kutsegula) yasiya kutsegula bwino, wina nkhono zake za Astraea zikungofa imodziimodzi, wina ma zoa (tizamoyo tonga makorali tooneka ngati timaluwa) akutha pamwala chonsecho akayeza madzi zonse zili bwinobwino, mchere uli pa 1.025, kutentha madigiri 25, nde aliyense akumaliza ndi mawu amodzi oti "ndigule chani?" Ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi. Njira zothana ndi nkhono zolusa zimene anthu timakangana nazo ndi zinayi, kugula nsomba ya wrasse, kutchera msampha wa nyambo, kuviika korali mu dip (madzi a mankhwala ochotsa tizilombo), ndi kuchotsa ndi manja usiku. Zonsezi ndazigwiritsapo ntchito ndipo ndineneretu kuti imodzi mwa izo ndili nayo mkwiyo mpaka pano.

Koma musanatulutse ndalama dziwani kaye kuti mukulimbana ndi ndani, chifukwa nkhono zambiri zimene anthu akuphwanya ndi zosalakwa. Tembenuzani chigoba muone pakhomo pake. Zodya ndere monga Trochus, Turbo ndi Astraea khomo lake ndi lozungulira, lopanda mpata. Zodya nyama zambiri pamapeto pa khomo pamakhala kangalande, ndipo nkhonoyo ikamayenda imatulutsira pamenepo kapaipi konunkhizira chakudya. Si lamulo lopanda banga ayi, nkhono za cerith zilinso ndi kangalande kakafupi koma sizipha kanthu, Nassarius nayo ili ndi kapaipi katalikatali koma imangodya zakufa kale. Pa Nassarius pomwepa ndi pamene pamasokonekera anthu ambiri chifukwa ma whelk ang'onoang'ono, amene ndi nkhono zolusa, amafanana nayo kwambiri. Ine ndimaonera khalidwe osati chigoba. Nassarius imakhala yokwiririka mumchenga kapaipi kokha kali panja, mukaponya chakudya imavumbuluka nkumathamanga, ikadya ibwereranso pansi. Whelk imakonda pamiyala, imayenda mwaulesi, ndipo mukaipeza yakhala pamsana pa nkhono yamoyo kapena pa chigoba cha clam osasuntha kwa maola, musafunsenso munthu, ichotseni.

Zigoba zopanda kanthu zimene mukutola pamchenga nazonso muzizione bwino. Mukapeza kabowo kozungulira bwinobwino koongoka, imeneyo ndi ntchito ya banja la Muricidae, zimafewetsa chigoba ndi timadzi ta asidi kenako nkumapala ndi lilime lake lamanomano mpaka kulowa. Kabowo kakakhala kotambalala kunja nkumachepa mkati, ndi moon snail, ya banja la Naticidae, imeneyo imasaka pansi pa mchenga nde simuiona masana. Popanda bowo, ganiziraninso nkhanu za hermit, nazo zimapha nkhono kufuna chigoba.

Kenako pali ma pyram, banja la Pyramidellidae, amene kwa ine ndiye oipitsitsa. Tinkhono toyera, tosongoka, kukula kwake ngati kanjere ka mpunga mwinanso kuchepera. Siboola chigoba, tili ndi kamlomo kobaya kamene timalowetsa mu mnofu wa clam kapena wa nkhono zikuluzikulu nkumayamwa madzi am'thupi. Masana timabisala kunsi kwa chigoba ndi m'mikwingwirima yake, usiku timakwera m'mphepete mwa mnofu. Mazira ake timaikira pachigoba pomwepo, timibulu toterera tooneka ngati madzi. Pali tina ta rissoid tofanana nato koma tosalakwa, kusiyana kwake kosavuta nkwakuti tosalakwato timangoyendayenda pagalasi ndi pamiyala, pomwe ma pyram mudzawapeza ataunjikana pa cholengedwa china. Wa ma zoa uja mdani wake kawirikawiri ndi sundial, Heliacus, chigoba chozungulira chophwatalala cha madontho akuda ndi oyera, kachitseko kake kotsekera khomo la chigoba nkosongoka, imakhala pakati penipeni pa ma polyp (timaluwa tija ta zoa) otsekeka. Musaisokoneze ndi Collonista, kankhono kabwino kodya ndere kamene kachitseko kake ndi kozungulira kolimba. Amene muli ndi makorali a Acropora dziwani dzina loti Drupella, nkhono imeneyi inawononga makorali ambiri ku Ningaloo Reef ku Western Australia m'zaka za m'ma 1980, nde ikalowa mu thanki ya malita 200 mutha kuona nokha.

Tsopano wrasse. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi yankho limene wina aliyense amaponya msangamsanga, ukangoti ma pyram, akuti gula six line, kansomba ka mtundu wa wrasse. Inenso wogulitsa wina ananditsimikizira motero nditapeza tinkhono toyera pa clam yanga ya Tridacna maxima, anati kansomba aka kamaliza zonse sumavutikanso. Sanali kunama kotheratu, six line, Pseudocheilinus hexataenia, imadyadi tinkhono tating'ono, chimodzimodzi Halichoeres chrysus yachikasu ija ndi Halichoeres melanurus. Chimene sananene ndi choti wrasse ndi nsomba ya masana. Magetsi akangozima ma Halichoeres amadzikwirira mumchenga, six line imalowa mumphako nkudzikuta ndi kathumba ka mamina kamene imapanga yokha, igone mpaka m'mawa. Ma pyram nthawi yawo yodyera ndi yomweyo. Usiku wina ndinawalitsa tochi yofiira, mumphako ndikuona kansomba kaja kali phee mkati mwa kathumba kake, timaso tokha tofiira, pang'ono pokha kuchokera pamenepo tinkhono toyera tandanda mzere m'mphepete monse mwa clam, mnofu wake wabuluu uja ukunyogodokera mkati. Masana six line inkatolako toonekera, koma tobisala kunsi kumene chigoba chagundana ndi mwala sinkatifikira, mazira sinkawakhudza nkomwe. Clam ija inayamba kufupikitsa mnofu, kenako kukhala yasaa osatsekanso ukadutsitsa dzanja pamwamba, mapeto ake inafa wrasse ili momwemo yonenepa bwino.

Ndipo mtengo weniweni wa nsombayi si umene umalipira pogula. Six line ikakhazikika imasanduka mwini thanki. Kansomba kosafika masentimita 10 koma kanathamangitsa firefish yanga mpaka inasiya kutuluka kudzadya, nsomba iliyonse yatsopano yofatsa inkalandiridwa ndi mano, ma copepod, tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timene nsomba ya mandarin imadalira, kanawasesa onse. Kukagwira ndi neti ndi zosatheka, kamadziwa mphako iliyonse, msampha wa nsomba kanangouyang'ana. Ndinachita kuchotsa miyala yonse, makorali amene anali atamera kale pamiyala nkuthyoka, mchenga nkuvunduka, madzi kuda, thanki inatenga nthawi kuti ibwerere mwakale. Zimenezi palibe amene amakuuza uli pa kauntala. Ma Halichoeres ndi ofatsirako, zimenezo ndivomere, ndipo ndikanati ndisankhe pakati pawo ndikanatenga yachikasu ija, koma imafuna mchenga wofewa wokuya masentimita 5 kapena kuposa, imafuna chivindikiro chifukwa imalumpha, ndipo ikakula imayambanso tinkhono tanu tabwino, nyongolotsi za feather duster, pena ndi ma shrimp ang'onoang'ono. Pa whelk yaikulu wrasse ilibe chochita, chigoba nchokhuthala. Ena amati nde gulani nsomba za puffer kapena trigger, zimenezo zimaphwanyadi zigoba koma sizisankha, zidya whelk, zidya Trochus, zilumanso clam imene mukufuna kuteteza. Nde ine ndimati wrasse gulani ngati mukuikonda nsombayo, ndi yokongola ndithu, koma osati ngati mankhwala.

Za bumblebee snail, Engina mendicaria, ndingodutsapo. Amaigulitsa kuti idye ma vermetid, tinkhono tokhala m'timachubu pamiyala totulutsa ulusi wa mamina, koma nayo ndi yodya nyama, chakudya chikachepa imatembenukira tizilombo tabwino tamumchenga ndi nkhono zofooka. Assassin snail imene anthu a thanki za madzi opanda mchere amaitama, mu madzi amchere imangofa, musataye ndalama.

Dip ndi yabwino koma ntchito yake ndi ya pakhomo, korali yatsopano isanalowe. Coral Rx, Revive, kapena ayodini wa Lugol, zonse zimagwedeza tizilombo tobisala, sundial imatha kugwa mukamapukusa madzi. Vuto ndi loti nkhono ili ndi kachitseko, imangodzitsekera mkati kudikira, ndipo mazira dip siwapha, nde korali yooneka yoyera lero itha kukubalirani tina pakapita masabata. Clam musaiviike mu dip ya makorali, imapopa madziwo kulowetsa m'thupi. Ndipo dip si yothira mu thanki yaikulu. Chimodzimodzi mankhwala a copper, inde amapha nkhono zolusa, koma amaphanso makorali, ma shrimp, ma clam ndi nkhono zonse zabwino, kenako amalowerera m'miyala ndi mumchenga nkumatuluka pang'onopang'ono, thanki imeneyo kuti mudzawetemonso makorali ndi nkhani ina. Chimene chimathandizadi pamodzi ndi dip ndi kathanki kapadera kosungiramo zatsopano masabata angapo, nkumazisuzumira usiku, chifukwa pafupifupi nkhono zonsezi sitigula dala, zimakwera pa live rock (miyala yokhala kale ndi zamoyo za m'nyanja), pa tsinde la korali kapena pachigoba cha clam.

Msampha ndimaupatsa ulemu wake, pa ma whelk umagwira. Botolo laling'ono kapena kagalasi, mkati kachidutswa ka shrimp yaiwisi, kuliika mopendekera pamwala magetsi atazima. Nkhono zodya nyama zimamva fungo msanga, pakapita ola limodzi kapena awiri mupeza zafika. Zidzabweranso Nassarius, ma hermit ndi nyongolotsi za bristle worm, nde muyenera kukhala pompo kusankha, ndipo nyambo musaisiye mpaka m'mawa, imaola nkukweza ammonia makamaka mu thanki yaing'ono. Komabe msampha suitana ma pyram, suitana sundial, suitana Drupella kapena nkhono za wentletrap zodya anemone ndi makorali a Tubastraea, zimenezi zili kale pa chakudya chake chamoyo, shrimp yakufa zilibe nayo ntchito.

Manja ndi tochi yofiira ndiyo njira imene ine ndaima nayo, olo ndi yotopetsa ndipo palibe amene amaitsatsa popeza mulibe chogulitsa. Dikirani maola awiri kapena atatu magetsi atazima, tengani tochi yofiira chifukwa yoyera imazithawitsa, chopanira chachitali ndi kabakuli. Whelk, sundial, Drupella, kungopana nkutulutsa. Pa sundial fufuzani pakati pa ma polyp muone tiana ndi mazira, ndipo ma zoa ndi Palythoa gwirani mutavala magolovesi, maso otetezedwa, ena ali ndi palytoxin imene ndi poizoni woopsa zedi. Pa ma pyram mutulutse clam yonse muike mu kabeseni ka madzi a mu thanki momwemo, ikatseka mutenge mswachi wofewa mutsuke chigoba chonse, m'mikwingwirima, pansi pa timamba ta pachigoba cha clam za squamosa ndi maxima, makamaka kunsi pafupi ndi pamene pamatulukira ulusi wogwirira mwala, koma mnofu osaukhudza. Mukatha yang'anani pansi pa beseni, mudzaona tinkhono toyera tambirimbiri timene simunatione nkomwe tili pachigoba. Madzi amenewo mutaye, asabwerere mu thanki. Clam ikakhala yagwira mwala musaizule, ulusi uja ukang'ambikira mkati imatha kufa, tulutsani ndi mwala womwe, nchifukwa chake ndimakonda kuikhazika pa kamwala kakekake kophwatalala kuyambira tsiku loyamba. Mchenga umene inakhalapo muupope ndi paipi, ndipo Astraea ndi Turbo zonse muzitembenuze muzitsukenso chifukwa ma pyram ena amakhala pamenepo. Mubwereze pakapita masiku atatu kapena anayi, mupitirize kwa masabata angapo olo musakuonanso kanthu, mazira otsalira ndi amene amabwezeretsa vuto. Clam yanga yachiwiri inabwera nato tinkhonoti ndipo inapulumuka ndi mswachi basi, pano mnofu wake umasefukira kunja kwa chigoba.

Nde amene mwandifunsa, wa Astraea, ngati ndi ma whelk, tcherani botolo nkumatolanso ndi chopanira, wa ma zoa dip pakhomo kenako maso usiku, wa clam mswachi. Pogula samalaninso ndi dzina loti conch, fighting conch ya Strombus ndi yabwino imasesa mchenga, koma crown conch, horse conch ndi tulip snail ndi zodya nkhono zinzake ndipo zikakhala zazing'ono ogulitsa ena amazisakaniza. Zimene mwachotsa musakataye m'nyanja kapena mumtsinje, ikani mu firiji yozizira kwambiri zife kaye.

Pali imodzi yokha imene manja sayenera kuyandikira, cone snail, ya mtundu wa Conus. Chigoba chosalala chotambalala kumutu nkusongoka kunsi, khomo lalitali lopyapyala, mawanga okongola kwambiri. Imabaya ndi kadzino kokhala ndi poizoni, kamlomo kake kamatha kupindika kufika pamene mwagwira, magolovesi opyapyala imaboola. Conus geographus yaphapo anthu ndipo mankhwala othetsa poizoni wake kulibe, kuchipatala amangothandiza munthu kupuma mpaka poizoni atachepa mphamvu. Sizibwera kawirikawiri pa live rock, koma mukaona chigoba chotero tengani chopanira chachitali, muiponye mu botolo lolimba mutseke, ndipo wina akabayidwa athamangire kuchipatala nthawi yomweyo olo pobayidwapo pasakupweteka kwenikweni.