Oxford Learner's Dictionaries pa liwu loti ugly: imathandiza pati, imaperewera pati

Ubwino wa dikishonale ya ophunzira Chingerezi umaonekera pa mawu amene aliyense amaganiza kuti amawadziwa kale. Ugly ndi limodzi mwa mawu otero. Ambiri amangodziwa kuti limanena za chinthu chosaoneka bwino, ndiye akakumana nalo m'nyuzipepala likunena za msonkhano kapena za mphekesera, mutu umaima. Tsamba la pa intaneti la Oxford Learner's Dictionaries, lomwe mwini wake ndi Oxford University Press, limalongosola liwuli mokhutiritsa, koma pali malo pomwe limakusiyani panjira.

Maziko a tsambali ndi dikishonale ya A. S. Hornby yomwe Oxford inasindikiza koyamba mu 1948, ndipo mu 2020 inatuluka kachikhumi. Kufufuza liwu n'kwaulere.

Mukalemba ugly, choyamba kuoneka ndi katchulidwe, /ˈʌɡli/, pamodzi ndi timabatani tiwiri tomvetsera, ka ku Britain ndi ka ku America. Musatidumphe timabataniti. Liwuli lili ndi maphatikizo awiri okha, ndipo g ndi l zimagundana popanda lembo laliwu pakati. Lilime lozolowera Chichewa limafuna kuika i pamenepo, n'kutuluka "agili", maphatikizo atatu. Vuto lina ndi la l ndi r, zomwe m'Chichewa sizisintha tanthauzo la mawu. Ugly ikatsetsereka pang'ono imamveka ngati angry, ndiye munthu wofuna kunena kuti mnzake wakwiya, kapena womvayo, amatha kusokoneza ziwirizi n'kuyambitsa mkangano wosafunika. Njira yake ndi iyi: mvetserani kawiri, tchulani ug n'kuima, kenako li, kenako muziphatikize mofulumira. Mukadzijambula mawu pafoni n'kuyerekeza ndi a patsambalo, mudzamva nokha ngati i uja walowerera.

Pansi pake tsambali limasonyeza kuti ugly ndi mfotokozi, ndipo poyerekeza limapereka uglier ndi ugliest, y atasanduka i. Dzina lake ndi ugliness. Apa pali msampha womwe dikishonaleyi siikuchenjezani poyera: mawu ambiri othera ndi -ly ndi aonjezi, monga quickly, koma ugly ali m'gulu la friendly ndi lovely. Choncho "He spoke ugly to her" si Chingerezi chovomerezeka polemba. Olankhula amazungulira n'kunena kuti "in an ugly way".

Pomwe tsambali limatikondweretsa kwambiri ndi pa matanthauzo. Limawagawa pawiri momveka. Loyamba ndi lodziwika lija, chinthu chosasangalatsa kuchiyang'ana, kaya ndi nkhope, nyumba kapena chipsera. Lachiwiri limanena za zochitika zoipa kapena zoopsa, momwe muli kuopsezana ngakhale chiwawa. Mtolankhani akalemba kuti "the protest turned ugly", sakunena za maonekedwe a anthu ochita zionetsero. Akunena kuti zinthu zinafika poipa, mwina miyala inayamba kuuluka. "An ugly mood" ndi mkwiyo womwe ukufuka pakati pa gulu, woti nthawi iliyonse utha kuphulika. "An ugly rumour" ndi mphekesera yoipitsa mbiri ya munthu. Womasulira amene aika "yonyansa" paliponse pomwe waona ugly amalakwitsa pano. Nthawi zambiri mawu oyenera amakhala "kunabuka chipolowe", "zinthu zinavuta" kapena "nkhani yoipa".

Kuti tanthauzo lachiwirili likhazikike m'mutu, tsegulani kabokosi kolembedwa Word Origin, komwe anthu ambiri sakadina n'komwe. Kamafotokoza kuti ugly linachokera ku uggligr, liwu la chiyankhulo chakale cha anthu a ku Scandinavia lotanthauza chinthu choopsa, chochititsa mantha. Ndiye kuti mantha ndi amene anayamba, za maonekedwe zinabwera pambuyo. Mizere iwiri yokha imeneyi imalumikiza matanthauzo onse awiri kuposa zitsanzo zambirimbiri.

Zining'a ziliponso. "Rear its ugly head" amanenera vuto lomwe latulukira kapena labweranso, monga tsankho kapena katangale, ndipo sanenera chinthu chabwino. "Ugly duckling" lili ndi tsamba lakelake. Limachokera ku nthano ya Hans Christian Andersen ya mu 1843, ndipo limanena za munthu kapena chinthu chomwe poyamba chinkanyozeka koma pambuyo pake n'kudzaoneka chokongola kapena chopambana.

Tsopano poperewera. Dikishonaleyi imakuuzani tanthauzo, koma sikuuzani kulemera kwa liwuli likagwera pa munthu. Kunena nyumba kuti ugly ndi maganizo chabe. Kunena munthu pamaso kuti ugly ndi chipongwe chenicheni, ndipo wophunzira amene wangowerenga mzere woyamba sangadziwe kuti eni chiyankhulo amalipewa. Iwo amasankha plain, lomwe limatanthauza wamba, wosakongola kwenikweni koma wosanyansa, kapena amati "not very attractive". Mawu oyandikana nawo onsewa ali patsambali, koma muyenera kuwasaka limodzilimodzi, palibe pomwe awaika pamodzi mokwanira n'kuwasiyanitsa. Unsightly ndi la zinthu, monga mulu wa zinyalala kapena banga pakhoma, osati la munthu. Hideous ndi lolemera kuposa ugly, chinthu choti munthu n'kutembenuzira nkhope kumbali.

Loopsa kwambiri ndi homely. Ku Britain ndi mawu oyamikira: malo omwe munthu amamasuka ngati ali kwawo. Ku America likanenedwa pa munthu limatanthauza wosakongola. Apa Oxford yachita bwino, chifukwa tanthauzo lililonse lili ndi chizindikiro chosonyeza dera komanso ngati ndi loyamikira kapena lonyoza. Vuto n'lakuti zizindikirozi zili m'timalemba tating'ono topendekera, ndipo diso lothamanga pafoni limazidumpha. Amene akulembera munthu wa ku America aziwerenge kaye asanatumize uthenga.

Zina zofunika kudziwa n'zakuti matanthauzo onse ali m'Chingerezi, ngakhale ndi Chingerezi chosavuta, choncho wongoyamba kumene adzafunabe dikishonale ya ziyankhulo ziwiri pambali. Tsamba laulereli lili ndi zotsatsa malonda zomwe zimadya malo pafoni, komanso silitseguka popanda intaneti.

Kwa wophunzira wa kusekondale, mphunzitsi ndi womasulira, tsambali tikulivomereza ndi mtima wonse, bola aliwerenge mpaka pansi. Pa ugly, mvetserani katchulidwe, werengani matanthauzo onse awiri, tsegulani Word Origin, kenako mufufuze plain, unsightly ndi homely musanasankhe liwu loika m'chiganizo chanu.