Great Zimbabwe kapena Ilha de Moçambique: wa galimoto wochokera ku Blantyre alowere kuti?

Anthu a mu Blantyre amene akufuna kukaona mizinda yakale ya kunja pa galimoto yawo amakonda kufunsa za njira ziwirizi. Kutalika kwake sikusiyana kwenikweni. Ya ku Zimbabwe imadzera ku Mwanza, Zóbuè, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Masvingo, makilomita pafupifupi 900. Ya ku Ilha, chilumba cha pa nyanja ya mchere kumpoto kwa Mozambique, imadzera ku Thyolo, Mulanje, Muloza, Milange, Mocuba ndi Nampula, makilomita oposa 800. Konseku amayendetsa kumanzere ngati kwathu kuno, ndipo Mmalawi wa pasipoti safuna viza.

Pamene pagona nkhani ndi pa inshuwalansi, ndipo apa ndi pamene ambiri amalira. Munthu amagula COMESA Yellow Card, khadi ya inshuwalansi ya galimoto yopita kunja, ku kampani yake ya inshuwalansi mu Blantyre n'kumaganiza kuti wathana nazo. Khadi imeneyi imagwira ntchito ku Zimbabwe, Zambia ndi Tanzania, koma ku Mozambique ayi, chifukwa dzikolo silili m'ndondomeko imeneyo. Tsono wopita ku Great Zimbabwe pa njira imeneyi sangazembe Mozambique: kuchokera pa Zóbuè mpaka pa Cuchamano, bodala yotulukira ku Mozambique moyang'anizana ndi Nyamapanda, ndi dziko la eni. Ayenera kugulanso inshuwalansi ina ya ku Mozambique pa bodala, imene eni ake amati seguro, ngakhale akungodutsa maola ochepa. Akafika pa Nyamapanda ayambiranso: chiphaso cholowetsera galimoto kwa kanthawi, msonkho wa utsi, ndalama yogwiritsira ntchito msewu, kenaka zipata zolipiritsa za m'njira ya ku Harare ndi Masvingo. Maofesi a pa bodala ndi anayi popita, anayi pobwerera.

Wopita ku Ilha amawoloka kamodzi, pa Muloza ndi Milange. Amagula seguro yokhayo, Yellow Card osaifuna n'komwe. Chimene chimandiwawa n'chakuti ogulitsa Yellow Card ena safotokoza zimenezi. Amangolandira ndalama, munthu n'kukadziwira pa bodala dzuwa likuswa mtengo, madobadoba atamuzungulira. Musapereke pasipoti kapena blue book kwa dobadoba. Lipirani pa windo, tengani risiti, ndipo onani tsiku limene seguro ikutha musanachoke, chifukwa ikathera m'njira apolisi a pamsewu sakumverani.

Mapepala ena ndi ofanana njira zonse: blue book ya dzina lanu, chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimoto si yakuba, ndi chilolezo cha MRA chotulutsira galimoto kwa kanthawi. Ngati galimoto ndi ya ngongole ya kubanki kapena ya achimwene anu, pafunika kalata ya mwini wake yokulolezani. Ku Mozambique amafunsa ma triangle awiri ndi jekete yowala. Ku Zimbabwe onjezani chozimira moto ndi tepi yowala, yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo.

Ndalama: ku Zimbabwe zambiri mumalipira ndi madola a ku America, amene kuwapeza ku banki kuno ndi nkhondo. Ku Mozambique ndi metical.

Pa zokaona, Great Zimbabwe sindingainyoze. Ili makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Masvingo, inamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400, ndipo makoma a mpanda waukulu wotchedwa Great Enclosure amafika mamita 11 kutalika, miyala yosanjikizana popanda dothi kapena simenti. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wake mu 1986. Koma ndi bwinja. Mukakwera phiri m'mawa n'kuzungulira mpandawo, pofika masana mwamaliza, ndipo kuti ulendo ukhale waphindu muyenera kupitirira mpaka ku Bulawayo ndi mabwinja a Khami, umene ndi mtunda wina ndi mafuta ena.

Ilha ndi mzinda wamoyo. Unali likulu la Apwitikizi ku Mozambique mpaka 1898, pamene likulu linasamukira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Kumpoto kwa chilumbachi kuli linga la São Sebastião limene anayamba kumanga mu 1558, ndipo kuseri kwake kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka 1522. Chigawo cha nyumba za miyala ndi cha nyumba zofolera ndi masamba a kokonati, chimene amati Macuti, n'zoyandikana moti mumayenda pansi, galimoto mutaiimika. Asodzi akubwera ndi ngalawa za matanga, amayi a Chimakuwa atadzola mussiro kumaso, mizikiti ndi matchalitchi pafupipafupi. Amene anakulira ku Mulanje kapena Phalombe akumva Chilomwe adzatolako mawu ena mu Chimakuwa, ndipo zimathandiza pamene Chipwitikizi chavuta.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Mlatho wolowera pa chilumba ndi wopitirira makilomita 3, wa galimoto imodzi ndi malo opatukirana apo ndi apo, kotero galimoto zikuluzikulu sizilowa. Musayese kufika tsiku limodzi. Gonani ku Mocuba kapena Nampula, ndipo usiku musayende chifukwa cha maenje ndi anthu a njinga. Thirani mafuta odzaza pa Mocuba. Pewani Januwale mpaka Malichi: mu Januwale 2015 madzi a mtsinje wa Licungo anadula mlatho pa Mocuba, ndipo anamondwe amakonda kugwera chigawo chimenechi. Musapitirire kumpoto cha ku Cabo Delgado, kumene kwakhala zigawenga kuyambira 2017, ndipo funsani za chitetezo cha ku Nampula sabata yonyamukayo.

Kwa wa masiku asanu ndi ndalama zakunja zochepa, ine ndimati Ilha, mopanda kuzengereza. Great Zimbabwe isungireni nthawi imene muli ndi masiku khumi ndi madola okwanira kufika ku Bulawayo, ndipo pamenepo gulani Yellow Card mu Blantyre, koma ikani padera ndalama ya seguro ya pa Zóbuè.