Easotic anachiritsa makutu a Kambuku, koma ataonedwa kaye ndi adokotala

Kambuku ndi galu wathu wa zaka 6, wamakutu akugwa ngati a agalu a mtundu wa Labrador ngakhale amake anali galu wamba wa pamudzi. Kwa zaka ziwiri makutu ake sanatipatse mtendere. Usiku tinkamva akupukusa mutu pakhonde, makutu akumenya phwaphwaphwa, kenako akukanda ndi mwendo wakumbuyo mpaka kulira. Ukatukula khutu lakumanzere munkatuluka fungo la chinthu chosasa, m'kati muli zakuda zomata ngati matope a m'dambo.

Tinayesa zambiri. Wina anati tithiremo madzi amchere, wina anati mafuta ophikira. Ine ndinagula timadontho pa shopu ina yogulitsa mankhwala a ziweto, ogulitsawo osamuona galuyo n'komwe. Zinkapepuka masabata awiri, kenako n'kuyambiranso. Cholakwa chachikulu chinali changa: ndinkapisa kamtengo ka thonje m'khutumo, poganiza kuti ndikuyeretsa, pomwe ndinali kukankhira zonyansazo pansi. Njira ya khutu la galu si yowongoka ngati yathu. Imatsika pansi kenako n'kukhota ngati chilembo L, ndiye zomwe wakankhira pa khonapo sizituluka zokha.

Chinatipititsa kwa dokotala wa ziweto ndi tsiku lomwe khutu lenilenilo linafufuma ngati chitumbuwa, lofewa, lotentha. Adokotala anati ndi magazi omwe anaunjikana chifukwa timitsempha tinaphulika pomwe ankapukusa mutu mwamphamvu. Zimenezo anazikonza padera. Koma asanapereke dontho lililonse, anasuzumira m'khutu ndi kachipangizo kounikira kuti aone ngati nembanemba ya m'kati mwa khutu sinabooke. Anatenganso pang'ono pa zakudazo, n'kuzipaka pa kagalasi, n'kundiitana kuti ndione ndekha pa maikulosikopu. Ndinaona tinthu tambirimbiri tooneka ngati mtedza wosasenda. "Amayi, iyi ndi yisiti, dzina lake Malassezia," anatero, "ndipo pali ndi mabakiteriya pang'ono. Nthata za m'khutu mulibe."

Ndi pamene anatipatsa Easotic, mankhwala othira m'khutu opangidwa ndi kampani ya Virbac. Muli mankhwala atatu: miconazole wopha yisiti, gentamicin wopha mabakiteriya, ndi hydrocortisone aceponate woziziritsa kutupa ndi kuyabwa. Chomwe ndinaukondera kwambiri ndi kabotolo kake. Kali ndi pampu ndi kamlomo kofewa kopindika, ndipo ukadina kamodzi kamatulutsa mlingo wokwanira wa 1 ml. Amene anayesapo kuwerenga madontho m'khutu la galu yemwe akuphiriphitha adziwa kuti zimenezi n'zazikulu bwanji. Kale ndinkangoganizira kuti alowa angati, ena akugwera pa bweya, ena pa chitenje changa. Apa ndinkangokhutchumula botolo, kulowetsa kamlomo, kudina kamodzi, kenako kusisita patsinde pa khutu mpaka kumva kuti pwatapwata m'kati. Kamodzi pa tsiku, masiku 5 basi, ndipo botolo limodzi la 10 ml linakwanira makutu onse awiri.

Pofika tsiku lachitatu anasiya kukanda usiku. Pa tsiku lachisanu fungo linali litatha, khungu la m'kati lomwe linali lofiira ngati nyama yaiwisi litabwerera mwakale. Anayambanso kulola ana kumugwira pamutu, zomwe anali atasiya kalekale, ndipo wamng'ono wanga anabwera kudzandiuza nkhope ikuwala ndi chimwemwe kuti Kambuku sakumukalipiranso.

Pali zomwe aliyense ayenera kudziwa asanathamangire kukaufuna. Gentamicin akalowa m'khutu lomwe nembanemba yake yabooka akhoza kugonthetsa galu, n'chifukwa chake adokotala aja anayamba ndi kuunika. Musabwereke botolo la mnzanu. Mtengo wake ndi wokwererapo kuposa timadontho tomwe ndinkagula, koma ndikawerengera ndalama zomwe ndinataya pa zaka ziwiri zija, ndikanayambira pomwepa.

Chinanso, mankhwalawa amazimitsa moto koma sachotsa chomwe chikuuyatsa. Patapita miyezi iwiri khutu lakumanzere linayambanso kufiira. Adokotala anandifunsa ngati Kambuku amanyambita mapazi. Amanyambita, tsiku ndi tsiku, mpaka bweya pakati pa zala unasanduka wofiirira. Anati agalu ambiri omwe makutu awo amabwerezabwereza amakhala ndi ziwengo, kaya ndi chakudya, kaya ndi fumbi ndi udzu, ndipo khutu limangoonetsera. Tinamuchotsera mitu ndi miyendo ya nkhuku yomwe tinkasakaniza ku nsima yake ya mgaiwa, n'kumusiya pa chakudya chimodzi chokha kwa masabata 8, popanda makombo a patebulo. Kuletsa ana kumuponyera mafupa kunali kovuta kuposa kumuthira mankhwala. Tinalimbikiranso mankhwala a utitiri, ndipo nthawi ya dzinja akabwera atanyowa kuchokera kudambo timamupukuta makutu ndi kansalu kouma. Kamodzi pa sabata ndimathira mankhwala otsukira makutu a Epi-Otic, kusisita, kumusiya apukuse mutu yekha, n'kupukuta zomwe zatulukira kunja ndi thonje lokulunga pa chala.

Papita miyezi 7 tsopano osadwalanso. Ndikupereka nyenyezi 5 kwa Easotic pa ntchito yomwe anapangidwira. Botolo lachiwiri, lomwe adokotala anatilembera khutu litayambiranso kufiira, ndi lomaliza lomwe tagula mpaka lero, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ndimatukulabe makutu onse awiri n'kununkhiza.