Malamba a mphira olimbitsira thupi: ndemanga yanga patatha miyezi 14

Ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinachedwa dala kulemba ndemangayi chifukwa sabata yoyamba chipangizo chilichonse cha masewera olimbitsa thupi chimakoma. Tsopano patha miyezi 14 chiwagulireni ndipo ndikuwagwiritsabe ntchito katatu pa sabata.

M'phukusimo munali malamba asanu olimba mosiyanasiyana, zogwirira ziwiri, tizingwe ta m'akakolo, kachingwe kopanikiza pachitseko, ndi kabuku ka ndondomeko ya masewera ndi kadyedwe ya masabata 12.

Ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse, ndipo msana unkandiwawa m'munsimu. Nditakayezetsa, adokotala anati BP yanga ikuyandikira 140/90, pomwe amayambira kunena kuti munthu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Anandilangiza kuti ndichepetse mchere, ndizigwiritsa ntchito thupi, ndidzabwerenso. Ku jimu ndinali nditayesako kale, koma unali moto wa mapesi. Kuweruka wotopa, kuyambanso ulendo wina, kukafika n'kumadikira chitsulo chomwe mnzako wagwira, ndinalekera panjira mwezi wachiwiri.

Chomwe malambawa andithandiza kwambiri n'chakuti ali pafupi. Ndimawakoleka pamsomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. M'mamawa ana akadali m'tulo ndimalowetsa kachingwe kaja pampata wa mbali ya mahinjesi, kutseka chitseko, kukhoma ndi kiyi, n'kuyamba kukoka. Sipatha mphindi ziwiri chidzukireni. Ulesi usanapeze ponamizira, thukuta layamba kale. Mphindi 25 zikakwana ndimakasamba. Apa ndichenjeze: muziima mbali yoti mukamakoka chitseko chizikanikizika kotseka. Mukaima mbali inayo, mwana atangotsegula, lamba amakubwererani kumaso.

Mphira imasiyana ndi chitsulo. Chitsulo chimalemera chimodzimodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, pomwe lamba amayamba mofewa n'kumalimba akamatanuka. N'chifukwa chake makilogalamu omwe analemba pa lamba aliyense musawakhulupirire kwenikweni, chifukwa mphamvu yake imadalira kutalika komwe mwamukoka. Ine ndinaphunzira kumubweza pang'onopang'ono, ndikuwerenga mpaka katatu, osamulola kundikoka. Pamenepo m'pomwe mapewa ndi msana zimamva kuti zagwira ntchito. Masiku oyambirira thupi linaphwanya zedi, makamaka tsiku lachiwiri, moti kutsika masitepe kunali kovuta. Ululu wotere umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72 kenako n'kuzirala, ndipo pofika sabata yachitatu unali utandisiya.

Kumtunda kwa thupi malambawa amakwana. Kumiyendo amaperewera. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu, ngakhale ndiphatikize onse asanu, kunjuta n'kumadzuka kunkapepuka, mpaka ndinayamba kuchita ndi mwendo umodziumodzi.

Nyenyezi imodzi ija ndachotsa chifukwa cha kabukuko, ndipo ndili ndi madandaulo atatu. Loyamba ndi lakuti sikanena chilichonse za kasamalidwe. Mwezi wachisanu ndi chinayi lamba wofiira anaduka ndili pakati pokoka, n'kundikwapula pamkono mpaka kusiya mkwingwirima womwe unatha sabata. Nditamuyang'anitsitsa ndinapeza timing'alu toyera pafupi ndi kachitsulo kokolera. Ndinkamusiya pawindo, osadziwa kuti dzuwa, kutentha ndi mafuta odzola zimawononga mphira. Ogulitsa anandipatsa wina patatha masabata atatu, ndipo ndikuwayamika, koma chiganizo chimodzi chokha m'kabukumo chikanandipulumutsa. Panopa ndisanayambe ndimatanula lamba aliyense powala n'kumuyendetsa chala. Komanso amene khungu lawo limadana ndi latex, mphira yochokera ku utomoni wa mtengo, afunse kaye asanagule, poti malamba ambiri otere amapangidwa ndi imeneyo.

Lachiwiri, kabukuko kamalankhula ngati malambawa ndi okwanira paokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera ofulumizitsa mtima mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuwonjezera pa olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Malamba amangogwira mbali yachiwiriyo. Yoyambayo ndimaikwanitsa poyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu.

Lachitatu, lomwe limandipweteka kwambiri, ndi ndondomeko ya kadyedwe. Imafuna kuti chakudya chilichonse uyeze pasikelo, uziphika mphika wakowako, ugulenso ufa wa mapuloteni. Ndinapirira masiku khumi. Munthu wapabanja sangamadye payekha pamene ana akumuyang'ana, ndipo njala yomwe ndinkagona nayo inkandichititsa kudya mowirikiza Loweruka. Tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba n'kugwirizana zosintha zomwe tonse tingakwanitse. Theka la mbale likhale masamba, gawo lina nyemba, mazira, nsomba kapena nyama, chakudya chokhutitsa chitenge kotala yotsalayo. Mchere anauchotsa patebulo. WHO imati usafike magalamu 5 patsiku, omwe ndi supuni yaing'ono imodzi yosakwana bwino, ndipo wambiri umabisala m'timibulu tokometsera ndiwo ndi m'zakudya za m'mapaketi. Masabata awiri oyamba ndiwo zinkamveka zozizira, ana n'kumadandaula, kenako lilime linazolowera. Shuga wa mu tiyi ndinatsitsa kuchoka pa masupuni atatu kufika pa imodzi. Zakumwa zotsekemera ndinazisiya nditawerenga pachitini cha mamililita 330 kuti muli shuga wopitirira magalamu 30, pamene malire a tsiku lonse kwa munthu wamkulu ndi cha m'ma 50. Zonsezi m'kabukumo mulibe.

Chinanso chomwe ndinakana kutsatira: kamati ukadumphitsa sabata uyambirenso patsamba loyamba. Mwezi wachisanu ndinadwala chimfine chachikulu n'kukhala masabata atatu osakhudza lamba. Ndikanamvera lamulo limenelo ndikanagwa mphwayi. Ndinangotenga lamba wachikasu, yemwe ndi wofewa kwambiri pa onsewo, n'kuchita mphindi khumi, ndipo pofika sabata yachiwiri ndinali nditabwerera pomwe ndinalekezera. Kafukufuku wa ku University College London wa mu 2009 anapeza kuti chizolowezi chatsopano chimatenga masiku cha m'ma 66 kuti chikhazikike, ena 18 okha, ena mpaka 254, ndiponso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa zomwe wamanga. Anthu ongoyamba kumene amafunika kumva zimenezi, osati kuopsezedwa.

Miyezi iwiri yoyamba sikelo sinasunthe n'komwe, ndipo zinandikhumudwitsa. Tepi yoyezera ndi yomwe inandilimbitsa mtima: m'chiuno mwachoka masentimita 7, ndipo ndatsala pang'ono kufika pomwe amalangiza, poti chiuno chisapitirire theka la msinkhu wako. Ulendo womaliza kuchipatala BP inali 128/82. Mwana wanga wamng'ono ndimamunyamula kuchoka pansi popanda kugwira msana.

Amene mukufuna minofu ikuluikulu, malambawa adzakucheperani chaka chisanathe. Amene muli ngati ine, wapampando, wa nthawi yochepa, gulani, koma masamba a kadyedwewo muwadumphe, ndipo ngati muli ndi vuto la mtima kapena BP yokwera kambiranani kaye ndi adokotala. Lamba wanga wobiriwira wayamba kuonetsa timing'alu sabata ino, ndiye ndamuchotsa pamsomali. Wolowa m'malo mwake ndikufuna ndipeze wa mtundu wokutidwa ndi nsalu, woti akaduka mphirayo izitsalira m'kati.