Among Us: ndimafuna kuipatsa nyenyezi imodzi, ndaipatsa zinayi

Ndayamba kulemba ndemangayi mtima ukundiwawa, ndiye mundikhululukire ndikapsetsa mawu. Ndakhala ndikusewera Among Us, gemu ya pa intaneti yosaka ma impostor (osewera obisala pakati pa anzawo n'kumawapha mobisa), pa foni kwa miyezi ingapo, yaulere ija, ndipo pa nkhani ya kayendedwe kake ndilibe dandaulo.

Chandilembetsa ndi zomwe zinachitika Loweruka usiku. Tinalowa anthu 10 pa mapu a chombo cha m'mlengalenga otchedwa The Skeld, ma impostor awiri. Ine ndinagwera udindo wa Engineer, umene a Innersloth, opanga gemuyi, anauwonjezera mu 2021, ndipo aliyense wosewera gemuyi amayenera kudziwa kuti Engineer ndi munthu wosalakwa amene amaloledwa kulowa mu vent, ngalande ya mpweya yolumikiza zipinda, monga amachitira impostor. Magetsi atazimitsidwa ndinali ku MedBay. Vent ya kumeneko imatulukira ku Electrical, ndiye ndinati ndidutse chidule ndikawakonze msanga anzanga asanaphedwe mumdima. Ndikutuluka chonchi, Wofiira (osewera timatchulana ndi mitundu yathu) ali chilili pambali panga. Sanandithandize n'komwe. Anadikira kuti ndimalize kuyatsa, poti batani loitanira msonkhano wovotera woti aponyedwe kunja siligwira ntchito zinthu zikadali zowonongeka, kenako liwiro la ku Cafeteria, kumene kuli batanilo.

Msonkhano utayamba analemba mawu ochepa chabe, akuti wandiona ndikutuluka mu vent. Basi. Mwini chipindacho, kutanthauza amene anatsegula gemuyo, yemwe ndi amene ndamusungira chakukhosi kwenikweni, anaika nthawi yokambirana pa masekondi 15. Pa foni, ndi zala ziwiri, mulemba chiyani pa masekondi 15? Ndinangokwanitsa kulemba kuti ndine Engineer, mavoti n'kuyamba kugwa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti magetsi wayatsa ndani, kapena kuti Wofiirayo amatani ku Electrical mumdima manja ali lende.

Chinandipweteka kwambiri ndi masamu. Tinali titatsala 7, osalakwa asanu ndi ma impostor awiri. Pa nambala imeneyo, ngati mulibe umboni wogwirika, mumadina Skip, osavotera aliyense. Mukaponya kunja munthu wosalakwa mumatsala anayi kwa awiri, aliyense wa iwo akapha mmodzi mwafanana, gemu yatha. Wobiriwira yekha ndiye anayesa kunena zimenezi, koma khamu linali litapita kale kumene kunaloza chala choyamba. Ndinaponyedwa kunja, ndipo ndili mzukwa ndinamutsatira Wofiira uja mpaka ku Storage n'kumuonerera akupha Wobiriwira yemweyo. Titabwerera ku lobby, malo odikirira gemu isanayambe, ndinapempha mwaulemu kuti nthawi yokambirana aiwonjezereko. Mwini chipinda anandithamangitsa.

Ndinagona ndikunena kuti mawa ndiichotsa mu foni. Kutacha ndinayamba kuona kuti gemu ija sinandilakwire. Nthawi yokambirana, nthawi yovota, zoti munthu akaponyedwa kunja zidziwike ngati anali impostor kapena ayi, zoti mavoti akhale achinsinsi, zonsezo ikukupatsani kuti musinthe nokha. Amene anandilakwira ndi munthu wopupuluma uja ndi anthu ongotsatira wolankhula poyamba. Ndipo, ngakhale zikundivuta kuvomera, Wofiira anasewera bwino. Sananame ngakhale liwu limodzi. Anangonena choona chimene ankadziwa kuti anthu achimva molakwika.

Usiku wotsatira tinatsegula chipinda chathu ndi anzanga asanu ndi atatu, tikulankhulana pa pulogalamu ya Discord, nthawi yokambirana titaitalikitsa. Ndi gemu ina ndithu. Munthu akati anali ku Reactor, wina amamufunsa kuti wadutsa khomo liti, wakumana ndi ndani, ndipo bodza limamveka m'mawu momwe, kaya ndi kuchita chibwibwi kaya ndi kuyankha msanga mopitirira. Tinagwirizananso kuti Engineer azidziulula pa msonkhano woyamba, ngakhale zimenezo zili ndi vuto lake, poti impostor wochenjera amathamangira kudzitcha Engineer iyeyo.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi ya zipinda za anthu osawadziwa, momwe ena amangotuluka akaona kuti sanakhale impostor, gemu ya anthu 10 n'kuyamba ndi 7. Ngati muli ndi anzanu okwana, itsitseni. Ine pa ulendo wachitatu usiku umenewo ndinakhala impostor, ndinaona mnzanga akutuluka mu vent ku Security, ndipo ndinathamangira ku batani osacheuka.