Tollgate ya pa Chingeni: kulipira sindikukana, koma tiziona kumene ndalama ikupita

Amene mumayenda msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre mukudziwa kale kuti chikwama chimatsegulidwa kawiri pa mageti olipirira msewu (ma tollgate), pa Kalinyeke ku Dedza ndi pa Chingeni ku Ntcheu. Ine ndikamba za pa Chingeni poti mpomwe ndimadutsa kwambiri, ndiponso mpomwe panayambira zonsezi mu 2021.

Kumbali ya ntchito yake ndilibe nayo mawu. Umafika pa windo, umapereka ndalama, amakupatsa lisiti ndi chenji, chotchinga chija n'kukwera, basi wapita. Malo ndi aukhondo, usiku pamawala bwino, ndipo ogwira ntchito amene amakhala mu timanyumba tolipirira tija amapereka moni mwaulemu ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mzere umatalikako mukakumana ndi mathiraki angapo nthawi imodzi koma si zoti mpaka munthu kuzimitsa galimoto ayi.

Pamene pamavuta ndi pa mkangano wake. Mukukumbuka poyamba paja galimoto yaing'ono inali K1,700, anthu anakuwa kwambiri mpaka boma linatsitsa kufika pa K1,000, ndipo mpaka lero mu minibasi nkhaniyi ikangoyamba sithera panjira. Ena amati uku nkutidyera kawiri chifukwa pa lita iliyonse ya mafuta timalipira kale levy ya misewu, kuonjezera VAT pa sopo ndi PAYE kwa apantchito, ndiye boma liyambe lachepetsa kaye ma alawansi, maulendo akunja ndi migalimoto ya akuluakulu lisanabwere kwa ife. Ena amati msewu sumangidwa ndi mapemphero, thiraki ya matani 30 ikamaphwanya phula izilipirako ndithu. Ndipo musaiwale, amayi opita ku Tsangano kukapikula mbatatesi alibe galimoto koma nawonso amalipira, kondakitala amangoiika mu mtengo wa transipoti.

Ineyo ndili mbali yolipira, ndikunena zoona. Mwa misonkho yonse imene imandidutsa m'manja, uwu wokha ndi umene ndimaudziwa kuti ndapereka zingati, kwa ndani komanso cholinga chake, pomwe inayo imangobisala mu mitengo ya zinthu. Koma chifukwa chomwechonso ndi chimene chimandipatsa mphamvu yofunsa. Ndalamazi zimatoleredwa ndi a Roads Fund Administration, okonza misewu ndi a Roads Authority, ndiye bwanji osaika chikwangwani chachikulu pa geti pomwepo, cholembedwa m'Chichewa, kuti mwezi uno tatolera zakuti ndipo takonzera chigawo chakuti? Dalaivala akangolipira kenako n'kugwera m'dzenje patsogolo pang'ono, palibe amene angamuuze kuti msonkho ndi wabwino iye n'kumva.

Nyenyezi ndikupereka 4 pa 5 kwa ogwira ntchito pa geti paja. Mukamapita konzeranitu ndalama zosinthasintha kuti musachedwetse anzanu kumbuyo, ndipo lisiti muzilisunga.