Omeprazole 20mg: wandithandiza, koma samwedwa ngati Panado

Ndimupatsa nyenyezi 4 pa 5. Ndimagulitsa mpunga pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo chilungulira ndakhala nacho nthawi yaitali. Chinkandidzutsa cha m'ma 1 koloko usiku, moto kuchoka pachifuwa mpaka kukhosi, m'kamwa mukubwera madzi owawasa ngati a mphale yoviika. M'mawa mawu asasa, makasitomala kumandifunsa ngati ndachezera kwaya.

Ndinayesa soda wa therere m'madzi, mkaka, ndi maginiziyamu otafuna aja. Maginiziyamu amazimitsadi moto pompopompo, koma pakapita kanthawi wabwereranso, ndipo ndikachulutsa ankanditsegula m'mimba.

Omeprazole ndinayamba kumugula m'kasitolo kena ka mankhwala. Anangonditayira kapaketi ka makapusozi, osanena kanthu. Ine ndinkadikira moto uyambe, ndiye n'kumwa. Palibe chinachitika. Ndinafika pouza anzanga pamsika kuti andigulitsa ufa wa chinangwa. Kulakwa kunali kwanga, kapena tinene kuti kwa tonse awiri ndi wogulitsayo.

Amene anandimasulira ndi adokotala nditapita kuchipatala. Anati pamene kummero kumalumikizana ndi chifu pali kamnofu komanga ngati pakamwa pa thumba. Kakalefuka, asidi wa m'chifu amakwera n'kumaotcha njira ya chakudya, poti njirayo ilibe chitetezo chomwe chifu chili nacho. Maginiziyamu amapha mphamvu ya asidi amene wapangidwa kale. Omeprazole ntchito yake ndi ina: amatseka timapampu topanga asidiyo, ndipo timapamputo timadzuka munthu akayamba kudya. N'chifukwa chake amamwedwa m'mawa, m'mimba mulibe kanthu, mphindi 30 mpaka ola limodzi usanadye, kapusozi wathunthu, osatafuna timibulu tam'katimo.

Ndinatsatira zimenezo masiku 14. Tsiku loyamba palibe chosintha. Lachiwiri pang'ono. Usiku wa tsiku lachinayi ndinagona mpaka tambala, bambo akunyumba n'kundigwedeza kuti aone ngati ndili bwino. Zovuta zake kwa ine zinali mutu masiku awiri oyamba ndi mpweya m'mimba, basi.

Koma nditamaliza, pasanathe sabata moto uja unabwerera, ndipo apa m'pamene ndikufuna anzanga amve. Kapusozi sakonza kamnofu kaja. Ine ndinkaweruka mdima utagwa, kuphika nsima cha m'ma 9, usipa wokazinga mafuta ambiri, kambuzi wosinja pambali, tiyi pamwamba, kenako pabedi. Thumba lodzaza ukaligoneka chammbali limatayikira, chifu n'chimodzimodzi. Panopa chakudya chamadzulo ndimadyera pamsika pomwepo dzuwa likamalowa, kuti papite maola atatu ndisanagone. Miyendo yakumutu kwa bedi tinaiika pa njerwa, kukweza masentimita 15 kapena 20. Mapilo ambiri sathandiza, amangokupinda pamimba. Ndimagonera kumanzere. Kachikwama ka ndalama komwe ndinkamanga mothina m'chiuno mkati mwa chitenje ndinakamasulako, ndipo ndikangodya sindiwerama kupeta mpunga.

Kambuzi sindinamusiye. Ndinangomusamutsira masana.

China chomwe sindinkachiganizira n'komwe ndi bufeni. Msana ukapweteka ndi matumba ndinkangomeza awiri, nthawi zina wopanda chakudya. Adokotala anati bufeni, diclofenac, indocid ndi aspirin zimanyula chifu, n'kundiuza kuti ndizimwa Panado.

Anandifunsanso ngati ndili pa mankhwala ena, ndiye ndinene pano chifukwa pamsika timangopatsirana mankhwala ngati mchere. Amene ali pa ma ARV okhala ndi atazanavir, omeprazole si wawo, amafooketsa mankhwalawo. Amene ali pa okhala ndi dolutegravir asamwere limodzi ndi maginiziyamu: ARV amwedwe maola awiri maginiziyamu asanalowe, kapena maola 6 atalowa. Kafunseni kaye komwe mumalandirira.

Funso lomwe anabwereza kawiri linali lakuti, kodi nsima imaima pakhosi mukameza? Mukuonda? Munasanzapo magazi, kapena chimbudzi chakuda ngati phula? Ine zonsezi ayi. Anati zikadakhalapo sakadandipatsa makapusozi okha, akadandilembera kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuti akaunike ndi kamera yolowetsa kukhosi, poti khansa ya kummero ndi yochuluka kuno ku Malawi ndipo omeprazole atha kubisa zizindikiro munthu n'kumachedwa. Ululu wa pachifuwa wofika kumkono kapena kunsagwada, wobwera ndi thukuta ndi befu, umenewo anati thamangani, ungakhale mtima.

Nyenyezi imodzi ndaimana chifukwa cha kagulitsidwe. Makapusozi amabwera opanda kapepala, ndipo kakakhalapo n'ka Chingerezi, zilembo zake ngati nyerere. Mawu atatu okha akuti "m'mawa musanadye kanthu" akadandipulumutsa masabata awiri osagona. Mtengo nawonso umasiyana sitolo ndi sitolo, choncho funsani malo angapo ndipo onani deti pa kapaketi. Sabata yamawa ndibwereranso kwa adokotala, anati moto ukapitirira adzandiyeza kachilombo ka m'chifu kotchedwa H. pylori.